Zilumba za ku Caribbean zandizunguza mutu, thandizeni ndimuyankhe mwana

Tate_wa_Giredi11:

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso koma chonde musandiseke, ine sukulu ndinalekezera giredi 9 ndipo ntchito yanga ndi yogulitsa miyala yophwanya ndi mchenga kwa omanga nyumba kuno ku Chipata, nde miyala ndimaidziwa ndi manja osati ndi buku. Mwana wanga wamkazi ali giredi 11, dzulo wabwera ndi homuweki ya jogirafe, papepala pali mapu a tizilumba ta ku Caribbean uko, tandandalika mokhota ngati uta kuyambira Grenada kumunsi mpaka Anguilla kumtunda, ndiye akuti fotokozani chifukwa chake zilumbazi zili pa mzere wokhota komanso chifukwa chake zina zili ndi mapiri ophulika pomwe zina ndi zafulati. Iye mu notsi mwake analemba chabe kuti plate imodzi imalowa pansi pa inzake, basi. Ndamufunsa kuti ikalowa pansipo imapita kuti, wangondiyang'ana, kenako akuti adadi inuyo ndi amene mumagwira miyala tsiku ndi tsiku, ndiuzeni ndinu. Ndachita manyazi kkk.

Usiku ndagula bandulo ndaonera kavidiyo kena pa YouTube, m'malo mondithandiza kandisokoneza kwambiri, mzungu wake akuti Cuba ndi Puerto Rico nazonso zinali mzere wa mapiri a moto kalekale koma unafa. Phiri la moto limafa bwanji? Nanga likafa silingadzuke? Chifukwa ine ndikaima pamalo panga pogulitsira ndimaona Kanjala apo ndi mapiri ena onse atizungulirawa, nde ndayamba kuwayang'ana ndi diso lina. Inu amene munapita patali ndi sukulu tandimasulireni m'chinyanja chathu, homuweki akuifuna Lolemba.

Njinga_za_Kapata:

Kkkkk akulu, Kanjala akaphulika ine ndi njinga yanga ndidzakhala nditadutsa kale pa Mwami musanamange nsapato, mtengo wokwera tsiku limenelo K500 osanenerera. Manje zoona zake ine sindidziwa, ndikudikira nawo yankho.

Aphunzitsi_ku_Katete:

Bambo funso lanu si lamanyazi ayi. Ana ambiri amaloweza liwu loti subduction, kutanthauza kulowa kwa plate pansi pa inzakeko, n'kukhoza mayeso bwinobwino koma mutawafunsa zimene mwafunsazi akhoza kungoti kukamwa yasa ngati mwana wanuyo. Ine ndimaphunzitsa jogirafe kuno ku Katete, ndiyesa.

Kunja kwa dziko lathuli kuli chigoba cholimba chogawikagawika ngati cha kamba, zigawozo ndiye ma plate. Kusiyana kwake n'kwakuti za kamba zimangokhala pomwe izi zimayenda, koma pang'onopang'ono ngati mmene zikhadabo zimakulira. Ku zilumba za mwana wanuzo ndi masentimita 2 pachaka. Pakati penipeni pa nyanja ya Atlantic pali mng'alu wautali pomwe thanthwe latsopano la pansi pa nyanja limapangika n'kumakankhikira uku ndi uku. Likakhala latsopano limakhala lotentha komanso lopepukirako, likamakalamba limazizira n'kumalemera. Pofika kufupi ndi Caribbean limakhala ndi zaka zoposa 80 miliyoni, lalemera ndithu, ndiye limapindika n'kuyamba kumira pansi pa plate ya Caribbean. Tayalani bulangete lonyowa patebulo mbali imodzi ilendewere, mudzaona kuti mbali yolendewerayo imakoka bulangete lonse mpaka kugwa popanda wolikankha. Plate yomira imadzikoka yokha chimodzimodzi.

Imapita kuti? Imatsikira mu mantle, thanthwe lotentha lomwe lili pansi pa chigobacho. Si lamadzimadzi ayi, ndi mwala ndithu koma chifukwa cha kutentha umasuntha pang'onopang'ono ngati phula la mumsewu dzuwa la Okutobala. Ndipo dziko silichepa chifukwa zimene zikumira kuno zikubwezeretsedwa ndi zimene zikupangika pamng'alu paja. N'chifukwa chake pansi pa nyanja zikuluzikuluzi n'kovuta kupeza thanthwe loposa zaka 200 miliyoni, lakale lonse linamezedwa kale.

Plate ija ikafika makilomita pafupifupi 100 pansi, tinene kuti kupitirirako pang'ono mtunda wochoka ku Chipata kufika kuno ku Katete koma choimirira, imasungunuka ndipo chiphalaphala chimakwera n'kuboola pansi pa nyanja, chaka ndi chaka chikuunjikana mpaka mutu wa phiri kutulukira pamwamba pa madzi. Chilumba chabadwa. Ndiye popeza kuya kwa makilomita 100 kumeneku kumafikidwa pa mtunda wofanana kuchokera pomwe plate ikupindikira, mapiri onse amatulukira pamzere umodzi. Za kukhotako, tengani mpira wapulasitiki wophwa muudinikize ndi chala, mphepete mwa dzenjelo simudzakhala mowongoka, mudzazungulira. Dziko ndi lobulungira, chinthu chikamapindikira mkati mwake mzere wake umakonda kukhota. Uta wa Lesser Antilles umenewu ndi wautali makilomita pafupifupi 800, kuposa Chipata kukafika ku Lusaka.

Tsopano za zilumba zafulati, apa ndi pomwe pali mamakisi. Mwanayo ayang'anitsitse mapu kumpoto kwa Martinique, aona kuti uta uja wagawika pawiri. Mzere wa kumadzulo kuli Dominica, Montserrat, St Kitts, Saba, umenewu ndi wamoyo. Mzere wa kum'mawa kuli Antigua, Anguilla, Marie-Galante, umenewu ndi wakale, moto wake unazima zaka zoposa 20 miliyoni zapitazo chiphalaphala chitasamukira kumadzulo. Mapiri ake anakokoloka ndi mvula ndi mafunde, anamira, makorali, tizamoyo ta m'nyanja tomanga zigoba zolimba, anamera pamwamba n'kusanduka mwala wa laimu, kenako anadzatukukanso. Nde pamwamba ndi pafulati poyera koma mukakumba pansi mupeza miyala ya phiri la moto. Chitsanzo chokoma ndi Guadeloupe, chilumba chooneka ngati gulugufe, phiko limodzi Basse-Terre lili ndi phiri la La Soufrière lotalika mamita 1,467 lofuka nthunzi, phiko linalo Grande-Terre ndi lafulati la laimu, pakati pangodutsa kamtsinje ka madzi amchere. Akalemba chitsanzo chimenechi aphunzitsi ake amupatsa tiki yaikulu.

Ndipo mzere wamoyowo ndi wamoyodi, si nthano. Pa 8 Meyi 1902 phiri la Pelée ku Martinique linapsereza tauni ya Saint-Pierre, anthu pafupifupi 28,000 anafa m'mphindi zochepa, osati ndi chiphalaphala choyenda pansi chija timaona pa TV koma ndi mtambo wa phulusa ndi mpweya wotentha wotsetsereka paphiri mothamanga kuposa galimoto. Dzulo lake lomwelo La Soufrière wa ku St Vincent anali ataphulikanso n'kupha anthu oposa 1,500. Ku Montserrat phiri linadzuka mu 1995, likulu lawo Plymouth linakwiririka ndi phulusa mpaka lero palibe amakhalamo, anthu 19 anafa mu Juni 1997 ndipo oposa theka la anthu a pachilumbapo anasamuka. Mu Epulo 2021 St Vincent inaphulikanso, anasamutsa anthu oposa 16,000 nthawi ilipo. Kumpoto kwa Grenada kuli lina lomwe likadali pansi pa madzi, dzina lake Kick 'em Jenny, ana anga m'kalasi amaseka nthawi zonse ndikalitchula.

Za Kanjala ndisiyira ena, belu lalira.

NaTembo_Chadiza:

Zikomo aphunzitsi ndaphunzira nawo ngakhale ndakalamba. Koma ine ndili ndi ziwiri. Mukuti zaka 80 miliyoni, zaka 20 miliyoni, anawerenga ndani? Sikuti ndikutsutsa ayi koma munthu amaiwala ngakhale chaka chimene agogo ake anabadwa nde izi za mamiliyoni zimandivuta kumeza.

Chachiwiri, ine ndimakumbukira 1989 mwezi wa Malichi ndili mtsikana, usiku tili mtulo mbale za pa shelefu zinayamba kulira zokha, nkhuku m'khola phokoso, amayi anatitulutsa panja tonse ali ndi chitenje chimodzi akufuula kuti chivomerezi chivomerezi, agogo aamuna iwo anakana kutuluka akuti ngati ndi tsiku langa lindipeze pamphasa. Pambuyo pake tinamva pa wailesi kuti chinachokera ku Salima ku Malawi ndipo kumeneko nyumba zinagwa anthu anafa. Nanga chimene chija sichinali cha plate yolowa pansi pa inzake? Ngati ndi choncho bambo a miyalawa akunena zoona kuti tiziwayang'anitsitsa mapiriwa.

Wamiyala_Petauke:

Ndafika mochedwa, magetsi kunalibe foni inazima. Ine ndinaphunzira geology ndipo ndagwirapo ntchito yofufuza miyala m'tchire zaka zingapo, ndiye nkhani iyi yandigwira pamtima, pepani ndilemba zambiri.

Aphunzitsi mwafotokoza bwino kwambiri koma ndiloleni ndikonze kamodzi, si vuto lanu, mabuku ambiri a kusekondale amalemba choncho. Plate yomira ija kawirikawiri siisungunuka. Kumbukirani kuti ikumira chifukwa ndi yozizira, ndiye ndi yozizirapo kuposa zonse zoizungulira. Chimene chimachitika n'chakuti thanthwe limeneli lakhala pansi pa nyanja zaka mamiliyoni, lamwa madzi, osati kunyowa pamwamba chabe koma madzi analowa m'kati mwa timiyala take. Likatsika n'kupanikizika ndi kutenthedwa limalavula madziwo, madzi amakwera kulowa mu mantle yotentha yomwe ili pamwamba pake, ndipo mwala wotentha ukalandira madzi umasungunuka pa moto wocheperapo kusiyana ndi ukakhala wouma. Amayi a ku Chadiza mundimvetsa msanga, ndiwo zolimba zokana kupsa mukathira chidulo zimafewa pa moto womwewo, simunawonjezere nkhuni. Madzi ndiye chidulo cha mantle. Ndipo ndi madzi omwewo amene amachititsa kuti mapiri a pa uta aziphulika mwaukali, chiphalaphala chake ndi cholimba ngati nsima yoti yatsala pang'ono kupsa, chodzaza nthunzi ndi mpweya, nde chimatseka pakamwa pa phiri mpaka kuphulitsa. Yerekezani ndi phiri la Nyiragongo la ku Goma ku Congo, uja chiphalaphala chake chimayenda ngati phala lamadzi, mu 2002 chinadutsa m'tauni mwenimweni, mu Meyi 2021 chinaima m'mphepete mwa tauni. Uja si wa subduction.

Apa mpamene pali yankho la funso lanu bambo loti phiri limafa bwanji. Likasowa chomwetsa madzi pansi, basi latha. Plate ikasiya kumira, kapena ikasintha kapendekekedwe kake, chidulo chija sichifikanso ndipo chiphalaphala chimauma. Za Cuba mzungu wanuyo sananame. Cuba, Hispaniola komwe kuli Haiti ndi Dominican Republic, Puerto Rico ndi Jamaica zili ndi miyala ya uta wakale umene unayamba zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nthawi ya ma dinosaur. Akatswiri ambiri amati unabadwira chakumbali ya Pacific n'kumayenda kulowa pampata wa pakati pa North America ndi South America, ukumeza pansi pa nyanja yomwe inali kutsogolo kwake. Zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo mbali ya Cuba inakagunda chithanthwe chochindikala cha laimu cha ku Bahamas. Chimenecho n'chopepuka, sichimira, chinatsamwitsa ngalande yonse ya pansi pa nyanja pomwe plate inkamirira ngati chisononkho cha chimanga mu paipi. Kumira kunaima, mapiri anazima. Lero ma plate kumeneko amangokhulana cham'mbali, nde kuli zivomerezi koma kulibe mapiri ophulika, chija cha ku Haiti pa 12 Januwale 2010 chinali cha mtundu umenewu. Kumpoto kwa Puerto Rico ngalande ikadalipo, yakuya mamita oposa 8,000, palibe pena pakuya kuposa pamenepo mu Atlantic yense.

Pakugundana paja zidutswa za pansi pa nyanja ndi za mantle zinakankhidwira pamtunda m'malo momira. Ku Moa kum'mawa kwa Cuba miyala imeneyi yaola ndi mvula ndi kutentha n'kusanduka dothi lofiira ngati katondo wathu, ndipo m'dothi limenelo ndi momwe amakumba nickel ndi cobalt. Ku Dominican Republic mgodi waukulu wa golide wa Pueblo Viejo uli m'miyala ya uta wakufa womwewo. Mauta amenewa amaphika mkuwa ndi golide, Grasberg ku Papua ndi migodi ikuluikulu ya ku Chile ndi ana a subduction. Koma mwana asakalembe kuti kopa wathu wa ku Copperbelt ndi wotero, uja ali m'miyala ya matope ndi mchenga wakale, nkhani yake ndi ina.

Kuli chilumba china chimene chimagwetsa ana pa mayeso, Barbados. Chili chokha makilomita pafupifupi 160 kum'mawa kwa St Vincent, kunja kwa uta, ndipo sichinakhalepo phiri la moto. Mukabwera kumunda nthawi ya dzinja mumapala matope a kunsapato pa kachitsulo ka pakhomo, matope amaunjikana pakachitsulopo nsapato n'kudutsa. Plate ya Atlantic ikamalowa pansi, matope ndi mchenga zomwe zili pamsana pake, zambiri zochokera mumtsinje wa Orinoco, zimapalidwa n'kuunjikana m'mphepete mwa plate ya Caribbean. Mulu umenewo unakula mpaka kufika pomwe makorali angamere, kenako unatulukira. Barbados ndi mulu wa matope wovala chipewa cha korali. Chomvetsa chisoni n'chakuti phiri alibe koma mu 2021 phulusa la St Vincent linawagwera iwowo mpaka masana kuchita mdima.

Amayi, za kuwerenga zaka. M'miyala ngati granite muli timiyala tating'ono kwambiri totchedwa zircon, tochepa ngati mchenga wosefa, mutha kuika tambiri pa chikhadabo. Kakamapangika kamatsekera uranium mkati koma mtovu kamaukana. Uranium ija imasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika lomwe linayezedwa mu labu, mtundu wina theka lake limatenga zaka 4.5 biliyoni. Nde ukayeza uranium yotsala ndi mtovu wopezeka mkatimo umadziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Zili ngati kupeza kandulo ikuyaka m'nyumba, ukudziwa utali wake ikakhala yatsopano ndi mmene imathera pa ola, sufunika kuti unalipo poyatsa. Ndipo uranium ili mitundu iwiri yothera pa liwiro losiyana, ndiye ndi makandulo awiri m'kamwala kamodzi, akagwirizana umadziwa kuti sunalakwitse.

Chivomerezi chanu cha 1989 chinali cha Salima zoona, pa 10 Malichi. Koma chija si cha kumira ayi, ndi cha kung'ambika. Kuno Africa ikukokeka pang'onopang'ono, Nyanja ya Malawi yakhala mu mng'alu, zivomerezi za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi zomwezo, chigwa cha Luangwa nachonso ndi mng'alu wakale kwambiri, n'chifukwa chake muli akasupe otentha ngati Chichele ku Nsefu. Mapiri a moto a mng'alu umenewu oyandikira kwathu ali ku Rungwe kufupi ndi Mbeya ku Tanzania, kutali ndithu. Subduction yoopsa ili kutsidya kwa Indian Ocean ku Indonesia komwe kuli mapiri amoyo pafupifupi 130, Tambora wa 1815 ndi Krakatau wa 1883 ali pamenepo, ndipo chivomerezi cha pa 26 Disembala 2004 ku Sumatra mafunde ake anaoloka nyanja yonse mpaka kupha anthu ku Somalia, Kenya ndi Tanzania. Komanso si chilumba chilichonse cha moto chomwe ndi cha uta, Réunion ndi Mauritius ndi za hotspot, malo amodzi otentha kwambiri pansi pa plate omwe amaiboola, ngati Hawaii, mwana asaziphatikize.

Tsopano Kanjala, apa ndi pomwe ndimafuna kufika. Gonani tulo bambo, saphulika, ndipo si phiri la moto n'komwe, ndi mwala wolimba umene unatsala pomwe wofewa wozungulira unakokoloka. Koma diso lina limene mwayamba kuwayang'ana nalo lija musalitseke, chifukwa nkhani ya Cuba ndi nkhani yathu, kungoti yathu ndi yakale kuwirikiza kakhumi. Chigawo chathu chino kuchokera cha ku Rufunsa mpaka kumalire a Malawi akatswiri amachitcha Southern Irumide Belt, ndipo anachigawa zidutswa n'kuzipatsa maina a malo omwe mumadutsa pa basi, Chewore-Rufunsa, Kacholola, Petauke-Sinda ndi Chipata. Ma zircon a m'miyala yambiri ya muno amapereka zaka zopitirira pang'ono 1 biliyoni, ndipo ambiri mwa amene anaiyeza amati kapangidwe kake ndi ka miyala ya uta, kutanthauza kuti kunali nyanja ndipo pansi pake pankamira cha kuno, m'mphepete mwa mtunda wakale, monga zikuchitikira ku Andes lero. Kutsidya kwa Zambezi ku Chewore ku Zimbabwe kuli ngakhale chidutswa cha pansi pa nyanja cha zaka pafupifupi 1.4 biliyoni chokhala pamtunda, ngati zija za ku Cuba. Nthawi imeneyo kunalibe mtengo, udzu, nsomba, kanthu kalikonse koyenda, mtunda unali mwala ndi fumbi basi.

Nde ngati kunali mapiri a moto ali kuti? Anatha kalekale, mvula ya zaka 1 biliyoni si masewera. Chimene tikupondapo ife ndi mizu yake. Chiphalaphala sichituluka chonse, chambiri chimaumira pansi pang'onopang'ono n'kukhala granite, china chinadzafinyidwa ndi kuphikidwanso pomwe mitunda inkagundana n'kukhala gneiss. Ku St Vincent mukuona denga la nyumba likufuka utsi, ku Antigua denga linagwa anthu anayalapo laimu, ku Cuba zipupa zikuoneka, kuno kwathu kwatsala fawundeshoni.

Mawa musanayambe kugulitsa tolani mwala umodzi wongophwanyidwa kumene muuthire madzi muuyang'ane padzuwa. Ngati muona timadontho tosakanikirana, toyera ngati galasi, tofiirira ngati nyama ya nkhumba ndi takuda tonyezimira, toti mutha kutiloza kamodzikamodzi ndi nsonga ya msomali, umenewo unazizira pansi pakuya mosafulumira, timiyala tinapeza nthawi yokula. Wa phiri lophulika umauma msanga, umakhala wosalala ngati sopo kapena wa timabowo. Ngati muona mizeremizere yoyera ndi yakuda yopindika ngati nyama ya mafuta, umenewo ndi gneiss, unafinyidwa uli wofewa.

Aphunzitsi_ku_Katete:

Achimwene a ku Petauke zikomo pondikonza, ndavomera. Ine ndakhala ndikujambula pabolodi plate ikusungunuka kunsonga ngati kandulo zaka zonsezi kkk. Chidulo ndachiba, Lachiwiri chilowa m'kalasi. Koma bambo mwanayo polemba anene zonse ziwiri mwanzeru, kuti plate yomira imatulutsa madzi omwe amasungunutsa mantle n'kupanga magma, akatero wochonga aliyense apeza mawu amene akuwafuna.

Tate_wa_Giredi11:

Aaa anthu inu mwandipatsa sukulu yaulere. Tawerenga limodzi ndi mwana usiku mpaka amake kutikalipira kuti nsima ikuzizira. M'mawa uno ndachita zimene munanena achimwene, ndatola miyala itatu pa mulu wa kotala ndaithira madzi a m'botolo, anyamata ophwanya amangondiyang'ana kuti abwana apenga kapena apeza golide. Iwiri ili ndi mizere yopindika yoyera ndi yakuda ija, ndipo ndakumbukira kuti anyamatawa amaikonda imeneyi chifukwa ukaimenya motsata mzere imang'ambika bwino, ukaimenya mopingasa hamala imadumpha n'kukupweteka dzanja. Wachitatu ndi wa madontho, koma muli tina tofiira kwambiri tozungulira ngati nthanga za mapira, timeneto simunatitchule, n'chiyani? Mwana watenga umodzi waika mu chikwama akuti akaonetsa kukalasi.

Wamiyala_Petauke:

Popanda kuuona sindingalumbire koma tofiira tozungulirato tikumveka ngati garnet, imapezeka m'miyala yophikidwa pansi pakuya ngati ya kwanuko. Musathamangire kwa ogula miyala ya mtengo wapatali, ya mu kotala imakhala yosweka mkati, si ngati aquamarine wa ku Lundazi. Jambulani uli wonyowa, panja osati m'nyumba, muike kobiri pambali pake kuti ndione kukula kwake, mutumize muno.

Njinga_za_Kapata:

Nde mwati Kanjala saphulika? Bizinesi yanga ya K500 yagwa chabe apa. Akulu a miyala mukajambula mundiitane ndibwere ndi kobiri, ine ndili nawo ambiri a chenji.